Kuperekeza Abambo Kokayezetsa Shuga

Tinanyamuka kunyumba Lachinayi, nthawi itangopitirira pang'ono 5 koloko m'mawa. Wotchi ya Abambo ndinavala ndine, chifukwa chiyambire matenda a shuga maso awo saona bwino tinthu ting'onoting'ono. Inali yaikulu pamkono panga, moti ndinachita kukulunga kansalu m'kati kuti isamatsetsereke.

Pa chifukwa chomwecho cha maso, ndine amene ndimawatungira mankhwala. Mwezi wa Ogasiti Abambo anagonekedwa kuchipatala chachikulu milungu iwiri, ndipo potuluka anawapatsa kabotolo ka insulini, mankhwala ooneka ngati mkaka wothira madzi, oti azibaya m'mawa ndi madzulo. Kubayako amabaya okha pantchafu, ali kuchipinda. Ine ntchito yanga ndi kupukusa kabotolo pakati pa zikhato, kukoka mankhwala mpaka pamzere umene anamwino anandionetsa, kenako kugwada pakhomo la chipinda ndi kupereka jakisoniyo ndi manja awiri. Ndikatero ndimalemba m'kope langa nthawi ndi zimene adya. Ndili Fomu 1, ndipo kunyumba kwathu amati poti sindikamba zambiri, bola ndizilemba.

Tsiku limene ankatuluka m'chipatala muja, anamwino anatiuza malamulo ambiri, akulankhula uku akuyenda, ine ndikuthamanga pambuyo pawo ndi bolopeni. Ndinalemba kuti jakisoni asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Ndinalemba kuti akabaya adye. Ndinalembanso kuti akayamba kutuluka thukuta ndi kunjenjemera, tiwapatse shuga msanga. Lomalizali Amayi atalimva anapukusa mutu.

"Wapotoza iwe polemba. Munthu akudwala shuga, ndiye umpatsenso shuga? Nyumba ikamapsa amathira palafini?"

Sindinatsutse. Anamwino aja ankalankhuladi mofulumira, ndipo mwina mawu akuti "osawapatsa" ndinawataya panjira. Kuyambira tsiku limenelo shuga sanalowenso m'nyumba mwathu. Tonse tiyi timamwa wopanda kanthu, kuti Abambo asamasirire.

M'mawa wa ulendowo panabuka vuto limene palibe analiganizira. M'kabuku kakuchipatala adokotala analemba tsiku lobwerera, ndipo m'munsi mwake anawonjezera kuti Abambo abwere asanadye kanthu, kuti akawayeze magazi. Amayi anaima pakhomo ndi mbale ya chinangwa chophika, osadziwa kuti aipereke kapena aibweze.

"Esinati, kope lako likuti chiyani?" anafunsa Amayi.

"Likuti akabaya adye."

"Nanga kabuku?"

"Kakuti asadye."

Abambo anali akumanga nsapato. "Kabuku alemba ndi adokotala, kope walemba ndi Esinati," anatero. "Wamkulu ndani pamenepo?"

"Ndiye musabayenso," anatero Amayi.

"Jakisoni sadumphitsa. Ndiponso jakisoni si chakudya. Tunga, mwanawe."

Ndinatunga, iwo anabaya, ndipo tonse tinaona kuti tachita bwino, poti tinamvera malamulo awiri mwa atatu. Amayi anafuna kutimangira chinangwacho koma Abambo anakana, ati fungo lake liwayesa panjira. Changa ndinakadyera kuseri kwa nkhokwe, mofulumira, kuti asandione ndikutafuna.

Kabotolo ka insulini sikafuna kutentha. Kunyumba timakasunga mu kamtsuko kokwiriridwa theka mumchenga wonyowa, pakona ya chipinda. Anamwino anati tizibwera nako kuti aziona mmene tagwiritsira ntchito, choncho ndinakakulunga m'kansalu konyowa, n'kukaika m'kapu yapulasitiki pamodzi ndi jakisoni watsopano, kapuyo n'kuika m'chikwama changa cha kusukulu. Dzuwa la Okutobala ndimalidziwa, ndipo nkhawa yanga yonse m'mawa umenewo inali pa kansaluko, kuti kasaume.

Kuchoka kumudzi kwathu kufika pa Nkhulambe tinayenda pa njinga, Abambo akupalasa, ine pakaliyala. Ndi mtunda wa mphindi makumi anayi, wokwera pang'ono. Anapalasa mwamphamvu ngati akufuna kuonetsa anthu kuti achira. M'minda amayi ena anali atayamba kale kuthyola nandolo wotsalira dzuwa lisanawawe, ndipo aliyense amene tinkamudutsa Abambo ankamupatsa moni asanapatsidwe. Njinga tinaisiya kwa atelala amene amapemphera nawo mpingo umodzi. Abambo ndi mkulu wa mpingo, ndipo izi muzisunge, chifukwa cha zimene zikubwera.

Galimoto ya matola tinaipeza itaima, koma kuima si kunyamuka. Inali pikapu yoyera imene chitseko chake chimodzi anachimanga ndi lamba wa njinga. Anayamba alonga matumba a nandolo, kenako anthu pamwamba pa matumbawo, kenako anatsitsa anthu kuti alongenso matumba ena. Tinanyamuka hafu pasiti seveni. Mtengo wake kukafika ku Migowi unali K80 munthu mmodzi, ndipo adalaivala anati mwana wasukulu ndi munthu ndithu.

Ndinakhala pakati pa Abambo ndi mayi wina wonenepa amene anapanira chigubu chachikulu cha thobwa pakati pa miyendo, akupita nalo kumsika wa Migowi. Moyang'anana nafe panali bambo wina wa chipewa chachikopa, atakumbatira wailesi yovekedwa kansalu koluka. Bambo ameneyu ankadziwa zonse. Tisanadutse ndi mlatho woyamba anali atatiuza kale chifukwa chake mtengo wa nandolo watsika, amene adzapambane chisankho chikubwerachi, ndi tsiku limene mvula idzayambe. Atamaliza anayang'ana Abambo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Akulu, jeketeyo ndi yanu yomwe? Mwathamo bwanji chonchi?"

"Ndi shuga," anayankha Abambo.

"Oho, shuga." Anagwedeza mutu ngati mmene anthu amachitira masiku ano munthu woonda akatchula matenda ake. Kenako anati mlamu wake anali ndi shuga yemweyo, anachira ndi masamba a nimu, ndipo pano amanyamula thumba la chimanga yekha. Abambo anati zikomo. Ine ndinapisa dzanja m'chikwama kukhudza kansalu kaja. Kanali kakadali konyowa.

Pa Chiringa tinafika cha m'ma kota tu naini. Galimoto isanaimitsitse anali atatizungulira kale ogulitsa zitumbuwa, nthochi ndi mandasi. Abambo anatembenuzira nkhope kumbali ya phiri la Michesi ngati pali china chatsopano chimene chamerapo. Ine ndinatsika n'kuthamangira pamjigo kukanyowetsanso kansalu. Adalaivala nawo anabwera ndi chigubu kudzatungira galimoto yawo, imene inamwa madzi ambiri kuposa ife tonse okwera. Anatsegula kutsogolo, anamenyamenya china chake ndi sipanala, ndipo tinachedwa pamenepo theka la ola.

Titachoka pa Chiringa, Abambo anandifunsa nthawi. Ndinawauza kuti twente pasiti naini. Patangopita kanthawi anafunsanso. Ndinawauza. Anafunsanso kachitatu, ndipo pamene ndinkayankha sankamvera n'komwe, ankayang'ana zala zawo. Kenako anavula jekete. Galimoto inali ikuthamanga, mphepo ikutiwomba mpaka amayi kugwira mipango, koma malaya a Abambo anali atamatirira kumsana ndi thukuta.

"Ababa, muli bwino?"

Anandiyang'ana n'kuseka. Abambo saseka chisawawa. Anayamba kulankhula Chilomwe, chimene kunyumba amalankhula pokhapokha kukabwera amalume awo a ku Mozambique. Ine Chilomwe ndimamva chapatalipatali. Ndinamva akutchula mbuzi, akutchula munda wa agogo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Kenako anamenya denga la galimoto ndi chibakera n'kukuwira adalaivala mawu amene sindingawalembe pano. Ena m'galimotomo anawamva bwino, ndipo anaphulika nako kuseka.

"Akuluwa alawa m'mawa uno," anatero munthu wina kumbuyo. "Kachasu wa ku Nkhulambe sachedwa."

"Samwa," ndinatero ine, koma mawu anga anathera m'mphepo. Manyazi anandigwira mpaka ndinalakalaka nditalowa m'thumba la nandolo. Ndikuvomera kuti poyamba chimene chinandiwawa chinali chakuti anthu akuwaseka. Mantha anabwera pambuyo, pamene mutu wawo unayamba kulendewera, thupi n'kutsetserekera pamatumba, manja akunjenjemera ngati a munthu wa malungo.

Anthu anamenya denga, galimoto n'kuima pansi pa mtengo wa mango. Pafupi panalibe nyumba, koma minda ya chinangwa mbali zonse. Amuna awiri anawatsitsa Abambo n'kuwatsamiritsa kutsinde. Maso anali otsegula koma sankaona munthu.

"Izi ndi za mizimu izi," anatero mayi wa thobwa. "Munthu kusintha chilankhulo chonchi?"

"Mizimu yanji, mayi? Simunamve akunena yekha kuti ali ndi shuga?" Bambo wa wailesi anali atatsika kale, wailesi ili m'khwapa. "Shuga wakwera uyu. Wafika kumutu. Mwana iwe, mankhwala a bambo ako ali kuti?"

Ndinatulutsa kapu ija n'kumasula kansalu. Anthu ataona kabotolo ndi jakisoni anapumira m'mwamba, ngati nkhani yatha.

"Si awo mankhwala! Nanga ukudikira chiyani? Baya!" anatero bambo uja.

"Anabaya kale m'mawa," ndinatero.

"Ndiye anachepa. Wonjezera!"

"Baya, mwana iwe, bambo ako akupita!" anatero ena. Adalaivala nawo anabwera akupukuta manja. "Anthu inu, chonde munthu asandifere panjira. Mafunso a apolisi ine sindiwatha."

Zinkamveka zoona. Munthu wa shuga wadwala, mankhwala a shuga ali m'manja mwanga, akuluakulu onse akuti ndibaye. Ndinagwada, ndinapukusa kabotolo, ndinakoka mankhwala mpaka pamzere wa masiku onse. Sindinabayepo munthu chibadwire, ndipo ntchafu ya Abambo sindikanatha kuikhudza. Wina anati pamkono pomwepo palibe kanthu. Ndinagwira mkono wawo kuti ndipinde malaya.

Mkonowo unali wozizira ndi wonyowa, ngati kunja kwa mtsuko wa madzi.

Ndinaima. Mwezi wa Ogasiti, pamene shuga wawo anakweradi mpaka kuwagoneka kuchipatala, ndine ndinkawatungira madzi akumwa. Nthawi imeneyo anali ouma. Milomo inali yosweka, khungu lotentha ngati chikopa choyanika, ludzu losatha, ndipo zinawatengera milungu kuti afooke. Lero m'mawa anapalasa njinga akupereka moni kwa anthu, ndipo tsopano anali atanyowa thupi lonse. Sindinkadziwa tanthauzo lake. Ndinkangoona kuti awa si matenda aja. Ndinakumbukira mzere wachitatu wa m'kope, uja wa thukuta ndi shuga, umene ndinali nditasiya kuukhulupirira.

Ndinabwezera chivindikiro pa singano.

"Amayi, ndikupempha thobwa," ndinatero.

"Wati chiyani?"

"Thobwa. Ndiwamwetse."

Mayi uja anakumbatira chigubu chake. "Mwana iwe, muno ndathiramo shuga paketi yathunthu. Ukufuna uphe bambo ako ndi dzanja langa? Mawa anthu azidzati mayi wa thobwa uja anamwetsa munthu n'kufa. Ndidzagulitsanso pa Migowi ine?"

"Wasokonezeka mwanayu," anatero bambo wa wailesi. "Bweretsa jakisoniyo kuno, ndibaye ndine. Ndinabayapo nkhumba."

Jakisoniyo ndinamubisa kumbuyo, n'kutulutsa kope. Ndinangotsegula tsamba la malamulo aja n'kuloza mzerewo ndi chala. Bambo uja anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, kuti onse amve.

"Walemba ndani izi?"

"Ine."

"Iwe!" Anatembenukira kwa anthu. "Walemba yekha, akukhulupirira yekha."

Ena anaseka. Ine misozi inali itayamba, ndipo sindinkadziwa ngati ndikulirira Abambo kapena kusekedwako. M'mutu mwanga munkamveka mawu a Amayi a palafini aja. Ngati ndinapotozadi polemba, ndiye kuti ndikawapha ndi ine, anthu onsewa akuona, atandiletsa. Koma mkono uja unali ukadali m'dzanja langa, ukuzizirabe.

"Chonde, amayi," ndinateronso.

Mayi uja anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chigubu pansi, anaikapo kapu pamwamba, n'kutembenuka. "Ine sindinakupatse. Chigubu icho, kapu iyo. Ine ndikuyang'ana phiri."

Ndinathira thobwa, theka linatayikira pansi. Ndinayamba ndalawa, monga timachitira popatsa munthu chakumwa, ndipo linali lotsekemera mpaka kundiwawa m'mano, poti ndinali nditatha miyezi iwiri osalawa shuga. Ndinaika dzanja kunkhongo kwa Abambo. Chikulire changa ndinali ndisanagwirepo mutu wawo.

"Ababa, imwani."

Anakankha kapu, thobwa n'kutayikira pamalaya. Anang'ung'udza zinthu zosamveka, koma mawu amodzi anatuluka bwinobwino m'Chichewa: "Osadya. Anati osadya." Dzina langa anali ataliiwala, koma lamulo la adokotala anali akuligwirabe.

Apa ndinachita chinthu chimene sindinachitepo. Ndinawanamiza.

"Tafika kale, Ababa. Akuyezani kale. Adokotala ati mumwe."

Anatsegula pakamwa. Ndinawamwetsa pang'onopang'ono, ndikuyang'ana pakhosi kuti ndione ngati akumeza. Ankameza. Kapu itatha ndinathiranso ina. Mayi uja anali akuyang'anabe phiri, koma ndinamumva akupemphera chapansipansi.

Kenako panalibenso chochita koma kuyang'ana wotchi. Mphindi zisanu, palibe chosintha. Bambo wa wailesi anauza anthu kuti onse akhale mboni kuti iye analetsa. Adalaivala anayenda kuzungulira galimoto kawiri. Mphindi khumi, kunjenjemera kunachepa, koma sindinadziwe ngati n'kuchira kapena n'kutha kwa mphamvu. Ndinkangopukuta thukuta pamphumi pawo ndi kansalu ka kabotolo kaja, ndipo kabotoloko ndinali nditakaiwala padzuwa.

Pamphindi ya khumi ndi zinayi Abambo anaphethira, anayang'ana mtengo wa mango, anayang'ana anthu owazungulira.

"Taimiranji?" anafunsa. "Galimoto yawonongeka? Esinati, jekete yanga ili kuti?"

Mayi wa thobwa analulutira mpaka mbalame kuthawa mumtengo. Bambo wa wailesi anati izi n'zimene ankanena iye, kuti shuga ali mitundu iwiri, ndipo anayamba kufotokozera anthu mitunduyo. Palibe anamukumbutsa za nkhumba.

Titakweranso, Abambo anayang'ana malaya awo, ananyambita milomo, n'kundiyang'ana.

"Wandimwetsa chiyani?"

"Thobwa."

"La shuga?"

"Eya."

Anangoti, "Ndiye ulendo wonsewu wapita pachabe." Chisangalalo changa chinathera pomwepo. Mwina akanadzuka okha popanda thobwa. Mwina shuga amene ndawamwetsayo adikira kuti adzawagwetse madzulo. Ndinalibe womufunsa.

Pa Migowi tinafika twente tu leveni. Msika unali utadzaza, masikelo a ogula nandolo atapachikidwa m'mitengo, makondakitala akulimbirana anthu ngati nkhuku pa gaga. Mayi uja asanatsitse n'komwe chigubu anali atayamba kale kukuwa kuti, "Thobwa lodzutsa okomoka! Funsani amene tinali nawo!" Ndinapempha Abambo kuti adyeko kanthu. Anakana. Ndinapemphanso, ndipo anagula nthochi ziwiri, ati poti zawonongeka kale. Tinakwera minibasi ya K30 yopita kuchipatala, ine nditanyamula pamiyendo dengu la tomato la munthu amene sindinamuone nkhope.

Kuchipatala tinafika hafu pasiti leveni. Odwala shuga ali ndi khonde lawolawo, ndipo ambiri anali atayezedwa kale. Chimene ndinaona pamenepo chinandisokoneza koposa. Pansi pa mtengo panali anthu angapo, aliyense ndi kamtolo kake. Bambo wina wachikulire anamasula kamtolo, anatulutsa kabotolo konga kathu, anadzibaya pamimba osabisala n'komwe, kenako n'kuyamba kudya mbatata. Mayi wina pambali pake ankachita chimodzimodzi. Onse anali ndi thonje pachala kapena pamkono. Ndinawayang'ana mpaka Abambo anandiuza kuti kuyang'ana anthu akudya ndi mwano.

Titalowa, tinapeza namwino wina, osati wa Ogasiti uja. Abambo anapereka kabuku n'kuyamba kufotokoza ngati akutula mlandu.

"Amayi, mutikhululukire. Ndinanyamuka osadya monga munalembera, koma mwanayu wandimwetsa thobwa panjira."

"Chifukwa?" Anamwino anafunsa ine, koma anayankha ndi Abambo, kuti akuti anakomoka pang'ono.

"Munabaya m'mawa?"

"Ndinabaya. Sindidumphitsa ine."

"Munadya?"

"Munalemba kuti osadya."

"Mwabwera pa chiyani?"

"Pa njinga, kenako matola."

Anamwino anaika bolopeni pansi n'kugwira pamphumi. Anapempha kuona kabotolo. Nditapereka kapu, anapezamo jakisoni uja ali wodzaza.

"Nanga uyu?"

"Anthu amati ndiwabaye," ndinatero.

"Iwe n'kutani?"

"Ndinatunga. Koma Abambo anali onyowa ndi thukuta."

Anamwino anapita pasinki, anafinyira mankhwala onse m'menemo, n'kutaya jakisoniyo m'bokosi. "Bambo," anatero, "uyu akanalowa m'thupi mwanu, pano tikanakhala tikulankhula zina, ndipo inu simukanakhalapo." Anafotokoza kuti insulini ntchito yake ndi kutsitsa shuga m'magazi, ndipo sayang'ana ngati munthu wadya kapena ayi. Akapeza m'mimba mulibe kanthu amatsitsabe, ndipo kupalasa njinga kumamuthandizira. Tsiku loyezetsa munthu amabwera ndi kabotolo ndi chakudya, amayamba wayezedwa, kenako amabaya n'kudya, monga anthu a pansi pa mtengo aja. Anawabaya Abambo pachala, anati pakali pano zili bwino, koma kuyeza kwenikweni kwa osadya tidzabwererenso Lachinayi linalo. Kabotolo kaja anakayang'ana pawindo, anati kakhalitsa padzuwa, n'kutipatsa katsopano.

Ndinali ndi funso. Ndinalifunsa titaimirira kale.

"Amayi, kwathu kulibe makina oyezera. Ndidzadziwa bwanji kuti wakwera kapena watsika?"

"Wadziwa bwanji lero?"

"Sindinadziwe."

Anamwino anandiyang'ana, osaseka. "Ndiye tamvera. Ukapanda kudziwa, ngati akutha kumeza, uwapatse shuga, kenako muthamangire kuchipatala. Wokwera amatipatsa nthawi. Wotsika sadikira munthu." Ndinawapempha kuti alembe zimenezo m'kabuku ndi dzanja lawo, m'Chichewa, ndipo analemba.

Tinadya mpunga wa nyemba panja pa chipata tisanayambe ulendo wobwerera. Galimoto ya matola yobwerera inali ina, yopanda munthu wotidziwa, ndipo ndinathokoza Mulungu. Titadutsa pamtengo wa mango uja ndinauzindikira. Abambo sanauyang'ane n'komwe.

Njinga tinaitenga kwa atelala cha m'ma 4 koloko. Ulendo uno Abambo sanapalase mwamphamvu. Titatsala pang'ono kufika, pamene njira imapatukira kumudzi kwathu, anaima n'kutsika, tinayamba kuyenda pansi, iwo akukankha njinga.

"Esinati, anthu aja ankandiyang'ana mwachilendo. Ndinatani?"

"Munalankhula Chilomwe."

"Basi?"

Ndinayang'ana kumbali.

"Ndinatukwana?"

"Pang'ono."

"Ndani?"

"Adalaivala."

"Ndinati chiyani?"

"Sindinamve zonse, Ababa. Koma anthu anaseka."

Anayenda mapazi angapo atazolika. Ndinaganiza kuti akwiya kapena achita manyazi, koma mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka kutsamira pachishalo. Kenako ndinawauza zotsalazo, chifukwa zinkandilemera: kuti ndinawanamiza, ndinati adokotala alola. Anasiya kuseka. Anandiyang'ana ngati akufuna kuona bwino nkhope yanga ndi maso awo ovutawo, koma sananene kanthu za bodzalo, ndipo mpaka lero sananenepo.

Matenda awa sindikuwamvetsabe. Mankhwala amene akuwasunga ndi omwewo amene akanawapha, ndipo ndine ndinawatunga kawiri konse. Ndinkaganiza kuti munthu amene sakudziwa ayenera kukhala chete n'kumvera amene akulankhula mokweza. Pansi pa mtengo uja ndinali wosadziwa ngati wina aliyense. Kusiyana kwake kunali kwakuti ine ndi amene ndinagwira mkono.

Amayi anationera patali n'kutichingamira panjira, mpango uli m'manja.

"Mwayenda bwanji? Ayeza? Shuga ali bwanji?"

Abambo anatsamiritsa njinga pamtengo wa papaya, anavula chipewa, n'kukhala pakhonde.

"Funsani Esinati," anatero. "Ine zambiri sindinaliko."